Tsiku Limene Dzuwa Linada pa Zambezi

Anzanga acinyamata, makamaka inu amene mwangolowa kumene ku koleji ndi inu amene muli pafupi kumaliza Giredi 12, ndifuna ndikusimbireni za pepala lina limene ndinalemba m'caka canga coyamba ca maphunziro a mbiri yakale. Pepalalo ndikali nalo mpaka lero. Pamwamba pake pali inki yofiira, ndipo mau ake ndi ocepa: "Unamva kwa yani? Bwera udzandione." Malikisi amene ndinapeza sindingawachule pano cifukwa ca manyazi.

Funso limene anatipatsa linali lakuti tifotokoze ulendo wa Angoni a Mpezeni kucokera kumwera mpaka pamene anagonjetsedwa ndi Azungu mu 1898. Anatipatsa milungu inai. Nditaona funsolo ndinaseka mumtima. Ine ndine Mngoni wa ku Chipata, ndinakulira pakhomo pa agogo anga aamuna, ndipo ku Nc'wala ku Mtenguleni ndinapitako kangapo. Ndinati, kodi pali cimene buku lingandiuze pa nkhani ya kwathu? Anzanga ankapita ku laibulale madzulo alionse, ine ndiri ku bwalo la mpira.

Kutatsala masiku awiri ndinalowa m'laibulale mothamanga. Sindinafunse munthu. Ndinayenda m'mashelefu mpaka ndinaona buku lina lakale lokhala ndi dzina la Angoni pacikuto. Ndinakhala pansi ndi kukopera, ndikumasintha liu apa ndi apo kuti zioneke ngati zanga. Bukulo linati Angoni anaoloka mtsinje wa Zambezi mu 1825, inenso ndinalemba 1825. Fulumira anadya gaga.

Nditapita ku ofesi ya aphunzitsi athu, sanandikalipire. Anandiuza kuti ndikhale pansi, nandifunsa mafunso atatu. "Analemba bukulo ndani? Analilemba liti? Nanga iye anazimva kuti zimene analembazo?" Palibe ndi limodzi lomwe limene ndinayankha. Ngakhale dzina la wolemba sindinalilembe paliponse.

"Mnyamata iwe," anatero aphunzitsi, "munthu atabwera pa bwalo la mfumu ndi kunena kuti mbuzi yako inadya cimanga cake, mfumu siyamba yakulipitsa. Imayamba yafunsa kuti anaona ndani, analipo ndani wina, ndipo kodi mboniyo ilibe cifukwa ndi iwe. Buku nalonso ndi mboni. Iwe wagamula mlandu utamva mboni imodzi, imene sudziwa ndi dzina lake lomwe."

Anandipatsa milungu iwiri kuti ndilembenso. Anandiuza poyera kuti ndikalepheranso ndidzabwereza phunzirolo caka cotsatira. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndalama zimene ndinalipira temu imeneyo zinacokera m'matumba a nshawa amene atate ndi amai anagulitsa, ndipo ndinali kudziwa kuti m'nkhokwe simunatsale zina.

Amai a ku laibulale

M'mawa mwake ndinali woyamba pakhomo la laibulale. Ndinacita cimene ndinayenera kucita milungu inai m'mbuyomo: ndinapita pa tebulo la amai oyang'anira laibulale ndi kuwauza vuto langa lonse. Ambiri a ife timaganiza kuti nchito ya anthu amenewa ndi kudinda masiku m'mabuku ndi kuletsa phokoso. Si conco ai. Iwo anaphunzira kupeza zinthu, monga mmene mlenje anaphunzirira kulondola mapazi a nyama.

"Mwana wanga," anatero, "usayambire pa shelefu. Yambira pa katalogi."

Katalogi ndi mndandanda wa mabuku onse amene laibulale iri nao. Kale unkakhala pa timakhadi m'madilowa, ndipo malaibulale ena akali nato. Ambiri tsopano anauika pa kompyuta. Mungafufuze ndi dzina la wolemba, ndi mutu wa buku, kapena ndi nkhani imene mufuna. Amaiwo anandiuza kuti ndisalembe liu limodzi lokha. Ndinayesa Ngoni, ndinayesa Mpezeni, ndinayesa Zwangendaba. Kenaka anandikumbutsa cinthu cimene ndinali kudziwa koma osaciganizira: m'nthawi ya atsamunda Chipata inkachedwa Fort Jameson, Zambia inali Northern Rhodesia, ndipo Malawi inali Nyasaland. Munthu wofufuza zakale ndi maina a lero okha amaphonya theka la mabuku.

Anandionetsanso tanthauzo la manambala a pamsana pa buku. Laibulale yathu inkatsata dongosolo la Dewey. M'dongosolo limeneli mabuku a mbiri ali m'manambala a 900, a mbiri ya Africa ayambira pa 960, ndipo a Zambia ali pa 968.94, pafupi ndi a Malawi amene ali pa 968.97. Malaibulale ena amagwiritsa nchito zilembo, ndipo kumeneko mbiri ya Africa imapezeka pa DT. Ubwino wake ndi wakuti mabuku a nkhani imodzi amakhala moyandikana. Mukapeza limodzi, yang'anani a kumanja ndi a kumanzere kwake, cifukwa nthawi zambiri limene mufunadi liri pomwepo.

Anandilangiza kuyamba ndi buku lofotokoza dziko lonse, kenaka kutsikira ku la nkhani yanga yokha. Conco ndinayamba ndi A History of Zambia la Andrew Roberts, la mu 1976, kuti ndione pamene Angoni alowera m'mbiri ya Acewa, Ansenga ndi mitundu ina ya kum'mawa. Kenaka ndinatenga Politics in a Changing Society la J. A. Barnes, la mu 1954. Barnes anakhala pakati pa Angoni a ku Fort Jameson ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, akugwira nchito pansi pa bungwe lofufuza la Rhodes-Livingstone Institute, ndipo buku lake lonse likunena za anthu a Mpezeni.

Nditaona kukula kwa mabukuwo mtima unagwa. Amaiwo anaseka. "Ndani wakuuza kuti uwerenge tsamba lirilonse? Tsegula kumapeto." Kumapeto kwa buku labwino la mbiri kumakhala indekisi, mndandanda wa maina ndi nkhani motsata alifabeti, ndipo pambali pa dzina lirilonse pali masamba amene likupezeka. Kulinso mndandanda wa mabuku ndi zolembedwa zimene wolembayo anagwiritsa nchito. Ndiye pali timau tating'ono ta m'munsi mwa tsamba, timene ine masiku onse ndinkangotilumpha. Timau timeneto ndi pamene wolemba amayankha funso lija la aphunzitsi lakuti unamva kwa yani.

Kadamsana

Mabuku atsopanowo sananene 1825. Anati Angoni, motsogozedwa ndi Zwangendaba, anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu Novembala 1835. Kusiyana kwa zaka khumi zathunthu! Ndinafuna kudziwa amene ali ndi coonadi, ndipo timau ta m'munsi tija tinandilozera ku nkhani yaifupi imene E. H. Lane Poole, mmodzi wa mabwana a boma la atsamunda kum'mawa kuno, analemba mu 1930 m'magazini ya African Society ya ku London. Magaziniyo munalibe m'mashelefu athu, koma amai aja anandipezera nkhaniyo pa kompyuta, pakati pa magazini a akatswiri amene laibulale imalipirira kuti ophunzira aziwerenga. Cinthu cimeneci ambiri sacidziwa: pali zolembedwa zambiri zimene simungazitsegule pa foni yanu popanda kulipira, koma mungaziwerenge kwaulere kudzera ku laibulale ya sukulu yanu.

Apa ndi pamene nkhani inandikhudza mumtima. Angoni a nthawi imeneyo analibe kalendala yolembedwa, ndipo panalibe Mzungu amene anaima pagombe ndi kulemba tsikulo. Nanga caka cinadziwika bwanji? Cinadziwika cifukwa okalamba a Cingoni, m'magulu ao osiyanasiyana, ankasimba cinthu cimodzi: pa tsiku looloka, dzuwa linada masana. Anali kadamsana. Ndipo kadamsana ndi cinthu cimene akatswiri a zakuthambo angathe kuwerengera cobwerera m'mbuyo, nadziwa tsiku limene anacitika ndi madera amene anaoneka. Olemba oyamba anasankha kadamsana wa mu 1825. Lane Poole anaunikanso nkhaniyo nasonyeza kuti woyenerana ndi malowo ndi wa mu Novembala 1835, ndipo caka cimeneci ndi cimene olemba mbiri amatsata tsopano. Mabuku ambiri amalemba 19 Novembala, pamene ziwerengero za akatswiri a lero zimati 20 Novembala. Musadabwe nazo: mpaka mu 1925 akatswiri a zakuthambo ankayamba kuwerenga tsiku masana dzuwa liri pamutu, motero m'mawa wa pa 20 m'mabuku ao unali ukali pa 19.

Ndinakhala cete pa mpando nthawi yaitali. Nkhani ya dzuwa lakuda ndinali kuidziwa kuyambira ndiri mwana. Agogo ankatisimbira madzulo tikuotha moto, kuti nkhuku zinalowa m'khola usana ndipo anthu anaopa kuti mizimu yakwiya. Nditafika ku sekondale ndinayamba kuiseka nkhaniyo. Tsiku lina ndinawauza agogo pamaso pa azibale anga kuti zimenezo ndi nthano cabe, zofanana ndi za Kalulu. Iwo sanandiyankhe, anangosonkheza moto. Tsopano ndinali m'laibulale, pakati pa mabuku a Cizungu, ndipo ndinapeza kuti tsiku limene ophunzira onse amaloweza laimirira pa mau a okalamba onga agogo anga. Mau a akulu akoma akagonera.

Ndinalembanso pepala lija. Pa mfundo iriyonse ndinaonetsa kumene ndinaitenga: wolemba, buku, caka ndi tsamba. Pamene mabuku anatsutsana ndinanena poyera kuti atsutsana, ndi kupereka cifukwa cimene ndinakhulupirira lina kuposa linzake. Ndinakhoza, ndipo nshawa za atate sizinapite pacabe.

Mboni zina

M'caka comaliza tinafunika kulemba kafukufuku wamkulu, ndipo ndinasankha nkhondo ya 1898. Mafupa a nkhaniyo ali m'mabuku. Mu 1891 wamalonda wa ku Germany, Carl Wiese, ananena kuti Mpezeni wamupatsa cilolezo pa dziko lalikulu, ndipo cilolezoco cinadzafika m'manja mwa kampani ya North Charterland. Azungu ankakhulupirira kuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Mu Januwale 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anafika ndi mfuti za ciwaya. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolera ankhondo, anagwidwa ndi kuomberedwa. Mpezeni anatengedwa kupita ku Nyasaland, anabwerera pambuyo pake, namwalira mu 1900. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo mwambo wa Nc'wala unaleka mpaka pamene unayambanso mu 1980.

Aphunzitsi anandiuza kuti pa kafukufuku wotere mabuku okha sakwanira. Anandifotokozera kuti zolembedwa ziri mitundu iwiri. Pali zimene zinalembedwa pa nthawi ya zocitikazo ndi anthu amene analipo, monga makalata, malipoti ndi mabuku a m'maofesi. Palinso zimene akatswiri analemba pambuyo pake atawerenga zoyambazo. Zoyambazo zimasungidwa makamaka ku National Archives of Zambia ku Lusaka, nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lathu. Ndinatenga kalata yocokera ku koleji yonena za kafukufuku wanga, ndinapita.

Kumeneko simuyenda m'mashelefu nokha. Mumayang'ana m'mindandanda, mulemba nambala ya cimene mufuna, ndipo amakubweretserani pa tebulo. Cimene sindidzaiwala ndi mabuku aakulu ochedwa District Notebooks, m'mene mabwana a pa boma lirilonse ankalemba za mafumu, midzi, msonkho, miyambo ndi mbiri ya mitundu ya m'dera lao, wina akacoka wina napitiriza. Kugwira pepala limene munthu analemba ndi dzanja lake zaka zoposa zana zapitazo kumacititsa nthumanzi. Koma mafunso atatu aja sanandicoke m'mutu. Analemba ndani? Mzungu wa boma limene linagonjetsa anthuwo. Anamva kuti? Kawirikawiri kudzera mwa womasulira, kwa anthu amene ankamuopa ndiponso ankadziwa kuti mau ao angakweze mfumu ina ndi kutsitsa ina. Analembera yani? Akuluakulu ake a nchito. Ngakhale mitu ya mabuku ena imaulula maganizo a olemba: buku la mmishonale W. A. Elmslie la mu 1899, lonena za Angoni a kumpoto kwa Malawi, likuchedwa Among the Wild Ngoni, ndiko kuwayesa anthuwo olusa ngati a kuthengo. Zolembedwa zotere sitizitaya, cifukwa muli zambiri zimene sizipezeka kwina. Timaziwerenga monga timamvera mboni imene tidziwa mbali imene yaima.

Pa chuthi ndinapita kumudzi ndi kope ndi foni yojambulira mau. Ndinagwada pafupi ndi mpando wa agogo.

"Agogo, ndabwera kuti mundiuzenso za dzuwa lija. Ndinalakwa kuseka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mdzukulu wanga, kodi Azungu ako akuuza tsopano kuti ndi zoona?"

"Inde, agogo. Iwonso anamva kwa inu akuluakulu."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo tinakamba madzulo atatu. Anandiuza zimene anamva kwa agogo ao, amene anali kamnyamata kobusa ng'ombe m'caka ca nkhondo. Anasimba mmene anthu anathawira m'mapiri mvula iri kugwa, mmene kamnyamatako kanabisalira m'thengo ndi kuona ng'ombe za atate ake zikukusidwa, ndi mmene kanalirira ng'ombe ina yaikazi yamathothomathotho imene kankaikama. Mapepala a boma anali ndi ziwerengero za ng'ombe. Agogo anali ndi ng'ombe imodzi ndi mwana amene anaitaya. Popanda mapepala sindikanadziwa kukula kwa cionongeko, ndipo popanda agogo sindikanadziwa kuwawa kwake.

Koma musaganize kuti zonse zimene agogo ananena zinali zolondola. Iwo anaumirira kuti Mpezeni ndiye anaolotsa anthu pa Zambezi. Mabuku onse agwirizana kuti mtsogoleri anali Zwangendaba, atate ake, amene anafika ndi anthu ake mpaka kufupi ndi nyanja ya Tanganyika namwalira kumeneko m'zaka za m'ma 1840. Pa nthawi yooloka Mpezeni anali mwana. Nkhani zopatsirana pakamwa zimakonda kuunjika nchito za mafumu angapo pa dzina limodzi lochuka, ndipo zimafupikitsa zaka. Motero buku linakonza agogo pamene anasokoneza maina, ndipo agogo anadzaza pamene buku linali cete. Ndinalemba zonse ziwiri m'kafukufuku wanga, ndi dzina la agogo m'timau ta m'munsi, pamodzi ndi tsiku limene tinakambirana, monga mmene ndinalembera maina a Barnes ndi Roberts.

Agogo anamwalira caka cotsatira. Pali mafunso ambiri amene ndinawaganizira mocedwa: maina a midzi imene makolo athu anakhalamo asanasamutsidwe, ndiponso kumene agogo aakazi a agogo anacokera, pakuti ankanena kuti anali Mnsenga. Buku limene simunaliwerenge caka cino mudzalipeza pa shelefu caka camawa. Nkhalamba siikhala pa shelefu.

Kwa inu amene mukuyamba

Ndidziwa kuti ambiri a inu mukapatsidwa funso mumayamba ndi foni. Inenso ndimaigwiritsa nchito, ndipo imathandiza kupeza maina ndi zaka zoyambira. Koma yesani kufunsa cimene mwapeza pa intaneti mafunso atatu aja. Nthawi zambiri mudzaona kuti palibe dzina la wolemba, palibe caka, ndipo masamba khumi angokoperana colakwa cimodzi. Anthu khumi obwereza mphekesera imodzi si mboni khumi.

Conco pitani ku laibulale mlungu umene mwapatsidwa funso, cifukwa buku lofunika limakhala limodzi kapena awiri ndipo kalasi lonse lidzalifuna pa mapeto. Dziwani kuti mabuku ena sabwerekedwa, amawerengedwa momwemo, ndipo ena amabwerekedwa kwa maola ocepa cabe. Funsani oyang'anira laibulale mopanda manyazi; safunsa anadya phula. Musanalembe mfundo iriyonse m'kope lanu, yambani mwalemba wolemba, mutu wa buku, caka ndi tsamba, ndipo mau amene mwakopera ndendende muwaike zizindikiro kuti mawa musawayese anu. Kutenga mau a wina ndi kuwapereka ngati anu ndi kuba, ndipo m'makoleji kumacotsetsa munthu sukulu. Musang'ambe tsamba kapena kubisa buku kuseri kwa shelefu kuti anzanu asalipeze. Mng'ono wanu adzalifuna zaka zisanu zikubwerazi.

Inu amene simunafike ku koleji, kapena muli kutali ndi laibulale yaikulu, musati nkhaniyi si yanu. Pa mishoni kapena pa chalichi canu pangakhale mabuku akale a ubatizo ndi a maukwati, okhala ndi maina a makolo ndi midzi imene ina inatha kale. Pa sukulu yakale ya kwanu pangakhale buku limene aphunzitsi aakulu ankalembamo zocitika. Pemphani mwaulemu kuti muwaone. Ndipo Loweruka lina, gulu lanu la acinyamata likasowa cocita, tengani kope, mugule shuga pang'ono, mupite kwa munthu wamkulu koposa m'mudzi mwanu kapena m'komboni mwanu. Mufunseni kumene anthu a pamenepo anacokera. Lembani dzina lake ndi tsiku. Akakuuzani cinthu cooneka ngati nthano, musaseke monga ndinacitira ine. Cilembeni, kenaka mupite naco ku laibulale.